Mizere ya Ambuya pa Bwalo la Malole

Mukafunsa munthu amene anali ku Kitwe chaka chimene ndalama zinasintha kukhala kwacha, sadzakuuzani za njala. Adzakuuzani za njinga zatsopano, za mawailesi, za amuna a mu mgodi amene ankalowa m'sitolo Loweruka n'kutuluka atanyamula nsapato za banja lonse. Kopa, mkuwa wa m'migodi, anali pa mtengo, ndipo matumba a ufa anali mulu mpaka kudenga m'masitolo. Njala ya chaka chimenecho inali ya nyumba imodzi yokha, ya anthu awiri, ine ndi Ambuya. Tinaibisa bwino, moti lero ndatsala ndekha woikumbukira.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Amayi anamwalira ndili wakhanda, ndipo Ambuya, amayi awo a amayi, anachoka ku Katete kudzandilera. Atate atamwaliranso ndi chifuwa, nyumba ya mgodi anaipereka kwa munthu wina, ife n'kusamukira kumapeto kwa komboni ya Luangwa, m'kanyumba ka zidina ka chipinda chimodzi. Nthawi imeneyo nyumba zinali zowerengeka kumeneko, ndipo ukangodutsa chimbudzi chathu unali walowa m'nkhalango. Nkhalangoyo ndiyo inali ntchito ya Ambuya. Ankatola masuku, bowa ndi finkubala, mbozi zodyedwa zija, n'kumakagulitsa m'mbali mwa msewu.

Seputembala

Odula mitengo anali atagwira ntchito chilimwe chonse. Mitengo yowongoka inkapita ku mgodi kukachirikiza pansi, yokhota n'kutsalira owotcha makala. Ine sindinali mwana wolankhula. Ngakhale aphunzitsi ankaiwala kuti ndili m'kalasi. Ndikaweruka ndinkakwera pa chulu china chachitali n'kumangoonerera.

Ndinaona mmene anakonzera malo okwezera zipika. Kunabwera katapila wachikasu, anazula zitsa, n'kupala dothi lakuda lonse la pamwamba pamodzi ndi masamba ofota, n'kulikankhira kumbali, kumene linakhala mulu wotalika kuposa munthu. Pansi panatsala dothi lofiira. Thirakitala inkakoka zipika kuchokera kumtunda, kudutsa njira imodzimodzi tsiku lililonse mpaka njirayo inasanduka ngalande ziwiri. Pa bwalolo malole ankatembenukirapo, kudzaza, kuchoka, kubwera ena. Pofika kumapeto kwa mwezi dothilo linkanyezimira ngati pansi pa nyumba yozira. Kenako anthu aja anapakira macheka awo n'kupita cha ku Ndola, ndipo kuseri kwa nyumba yathu kunangotsala zitsa ndi dzuwa.

Sabata yomweyo kunabwera amalume a Yotamu, mwana wamwamuna yekhayo wa Ambuya. Ankagwira ntchito pansi mu mgodi ndipo ankakhala ku Wusakile ndi akazi awo ndi ana asanu, wachisanu ndi chimodzi ali m'njira. Mwezi ukatha ankatibweretsera thumba la ufa. Tsiku limenelo analitula pakhomo, n'kukhala pa mpando osavula chipewa.

"Amayi, nyumba ziwiri sindizikwanitsa. Mwana akabadwa mu Disembala, thumba ili litha. Esnati abwere kwathu azikathandiza akazi anga, amake Dani. Inu mubwerere ku Katete. Kuli abale anu, kuli munda."

"Ndi kuno munda uliko," anatero Ambuya.

"Kuno ndi ku migodi, amayi. Kuno anthu amalima m'sitolo."

"Iwe Yotamu, miyendo imeneyo inakula ndi sitolo? Taona, boma latidulira mitengo. Chaka chino ndilima. Ndikakolola, mwanayu sachoka pa ine. Ndikalephera, udzamutenge, ine udzandikweze basi."

Amalume anaseka pang'ono, n'kundiyang'ana. "Wamva, Esnati? Anena okha. Iwe ndiwe mboni."

Ndinagwedeza mutu.

Okutobala

Anthu a m'dera lathu anayamba kugawana malo odulidwawo, aliyense kuzika kamtengo pamene wakonda. Ena anathamangira pamene panali mauvuni a makala, chifukwa cha phulusa. Mnansi wathu Bana Mwape, mayi wa mtundu wa Alamba wobadwira konko, anasankha malo odzaza zitsa ndi nthambi zosiyidwa. Anaunjika nthambizo pakati pa zitsa n'kuyatsa moto, ndipo anati adzabzala m'phulusamo osagaula n'komwe.

Ambuya anayenda malo onsewo m'mawa umodzi, ine ndili pambuyo. Minda ya zitsa ankaiyang'ana ngati mmene ankayang'anira nyumba yosasesa. Kwathu ku Katete, ankatero, munda wa munthu wamkulu umakhala woyera, wopanda chitsa, mizere yake yowongoka kuti wodutsa adziwe kuti pano pali mwini. Titatulukira pa bwalo la malole lija anaima, nkhope yawo n'kuwala.

"Ona, Esnati. Palibe chitsa ngakhale chimodzi. Anthu onsewa ali ndi maso koma apadutsa."

Bana Mwape anatipeza tikuzika timitengo m'ngodya. Chinyanja chawo chinali chosakaniza ndi Chibemba.

"Awe mukwai, apa ayi. Apa mulime chiyani, ba mbuya? Njerwa?"

"Inu limani zitsa zanu, amake Mwape. Mudzakolola zitsa."

"Zitsa zili ndi moyo, mayo. Pansi pake pali chakudya. Apa ngakhale chiswe chathawa."

"Nthaka imafuna dzanja, si moto. Inu a kuno mumaopa khasu."

"Ndipo inu a kum'mawa mumakwatiwa ndi khasu," anatero Bana Mwape, onse awiri n'kuseka.

Ine ndinayang'ana mulu wa dothi lakuda uja kumbali kwa bwalo. Ndinkadziwa kumene unachokera. Mawu ndinali nawo m'kamwa, koma Ambuya anali atayamba kale kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, ndipo chimwalirireni atate ndinali ndisanawamve akuimba kunja kwa tchalitchi. Ndinadziuzanso kuti munthu amene walima zaka makumi asanu sangauzidwe za dothi ndi mwana wa Giredi faifi. Ndinakhala chete.

Khasu loyamba linadumpha ngati lamenya mwala. Lachiwiri linangosiya kachipsera. Tinakabwereka piki kwa munthu wina woumba zidina, Ambuya n'kumaswa, ine n'kumaphwanya zibuma ndi msana wa khasu. Dothi linkatuluka mapalemapale, ndipo pena linkanunkha dizilo. M'munda wonsewo sindinaone nyongolotsi, muzu, kapena kachilombo kalikonse. Dzuwa la Okutobala, popanda mtengo wolitchinga, linkatiwotcha kumutu ndi kumapazi komwe. Zikhatho za Ambuya zinatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, iwo n'kumanga nsanza n'kupitiriza. Tinatha theka lokha la bwalolo. Panatuluka mizere makumi anayi, yoyezedwa ndi chingwe, yowongoka kuposa ya wina aliyense mu Luangwa.

Novembala

Mbewu inali ya kwathu, chimanga choyera cholimba chimene Ambuya anabwera nacho kuchokera ku Katete, n'kumachibzala pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba ya mgodi kuti chisathe. Ankachisunga m'chitini chosakaniza ndi phulusa. Mvula yachiwiri itagwa tinabzala zonse, osasiyako. Nthanga za maungu zimene zinatsala m'thumba la diresi langa ndinaziponya pa mulu wakuda uja pobwerera kunyumba, osaganiza kanthu.

Pali chinthu chimene ndinachimva ndi mphuno mwezi umenewo. Mvula ikagwa, munda wa Bana Mwape unkanunkhira nthaka, fungo lija limene limachititsa munthu kufuna kutafuna dothi. Wathu unkanunkha ngati khoma lonyowa. Kwa iwo madzi ankalowa pansi nthawi yomweyo. Kwa ife ankaima pakati pa mizere masiku awiri, ofiira, osapita kulikonse.

Komabe chimanga chinamera, pafupifupi phando lililonse. Ambuya ankaima kumapeto kwa munda manja ali m'chiuno. "Akauzeni amake Mwape abwere adzaone njerwa zanga," ankatero.

Disembala

Mvula yeniyeni inabwera sabata yachiwiri. Ngalande ziwiri zimene thirakitala inasiya zinatunga madzi a kumtunda konse, kumene kunalibenso mitengo yowagwira, n'kudzawakhuthulira pa bwalo pathu. Mmawa tinapeza mizere khumi ndi iwiri itadukaduka, chimanga chitagona m'matope. Tinaikonzanso. Patapita masiku anayi inadukanso malo omwewo. Tinatseka ngalandezo ndi nthambi ndi miyala, madzi n'kungozungulira n'kulowera pena.

Chimanga chotsalacho chinafika m'bondo mwanga n'kuima. Masamba anayamba chikasu, a m'munsi n'kufiirira m'mphepete. Kwa Bana Mwape chinali chobiriwira mpaka kuda, chikukwera pakati pa zitsa, ndipo zitsazo zinali zitatulutsa mphukira zofiira zanthete zimene iwo ankangozithyola ndi dzanja podutsa.

Disembala ndi mwezi umene Ambuya ankapeza ndalama zaka zonse. Chaka chimenecho tinalawirira ndi madengu kukafuna bowa monga mwa nthawi zonse, koma pamene tinkazula bowa wa tente wodzaza dengu panalibe ngakhale mmodzi. Bana Mwape anati bowa amatsata mitengo yamoyo, mitengo ikapita iyenso amapita. Masuku anali atadulidwa pamodzi ndi ina yonse. Finkubala zinalibe masamba oti zidye. Kuti tipeze nkhalango yoimirira tinkayenda maola atatu, ndipo kumeneko tinkapeza akazi a kumeneko atatola kale.

Mwana wa amalume anabadwa Khisimasi isanafike. Amalume anabweretsa thumba lomaliza ndi kabotolo ka mafuta ophikira.

"Munda uli bwanji, amayi?"

"Uli bwino. Udzabwere mu Malichi udzadye chimanga chachiwisi."

Januwale

Ndalama zatsopano zinatuluka mwezi umenewu. Anthu ankaima m'magulu kuonetsana makobidi, kukangana kuti sikisipensi ndi mangwee angati. Kunali mphekesera yoti ogulitsa akukweza mitengo mwakabisira poti anthu sanazolowere, ndi ina yoti ndalama zakale zidzasanduka zopanda ntchito pofika Pasaka. Ife nkhani imeneyi sinkatikhudza kwenikweni. Tinalibe zoti tikasinthe.

Thumba la amalume Ambuya analigawa ndi kapu. Poyamba makapu awiri pa tsiku, kenako imodzi. Tinayamba kudya kamodzi, madzulo dzuwa lisanalowe. Ufa utatsala pang'ono anayamba kupita ku chigayo kukasesa gaga wa pansi, n'kumauza mwini chigayo kuti ndi wa nkhuku.

"Nkhuku zanu zimadya bwino, mayo," anatero bamboyo tsiku lina. "Koma sindinazimvepo zikulira."

Ambuya sanabwererekonso. Anayamba kutuma ine.

Thandizo linalipo, ndipo ichi ndi chimene chimandipweteka mpaka lero. Amayi a chigwirizano a ku tchalitchi kwathu ankayendera amasiye ndi ufa ndi sopo. Koma akazi a amalume anali m'chigwirizano chomwecho, ndipo mawu amodzi okha akanafika ku Wusakile tsiku lomwelo. Choncho Lamlungu lililonse Ambuya ankatenga kabotolo ka mafuta ophikira kaja, kamene sitinkaphikira, n'kundidzoza kumaso, m'mikono ndi m'miyendo kuti ndisaoneke wotuwa. Ankandimanga lamba wa diresi momasuka. "Ukaimbe mokweza," ankandiuza. "Mwana wanjala saimba." Ine amene sindinkalankhula ndinkaimba mpaka mutu kuzungulira.

Kumapeto kwa mwezi Ambuya anazula phesi limodzi kuti aone chimene chikudya chimanga chawo. Ankaganiza kuti ndi mbozi. Linazuka mosavuta ngati udzu wa padenga. Mizu yake inali itatsika pang'ono chabe, kutalika kwa chala, kenako yonse n'kukhotera m'mbali, yophwatalala, ngati yakumana ndi mbale pansi. Anazula lina, chimodzimodzi. Atakweza maso anayang'ana mulu wakuda uja. Maungu anga anali atauphimba wonse, masamba ake aakulu ngati beseni, mphukira zikutsikira pansi.

"Ndani anabzala apo?"

"Ndine."

"Unathirapo chiyani?"

"Palibe, Ambuya. Ndi dothi la pano. Katapila anapala la pamwamba lonse n'kuliunjika apo. Pano panatsala la pansi, ndiye malole ankapondapo."

"Unaona ndi maso ako?"

"Ndinaona."

"Tsiku lija tikuzika timitengo, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Ndinadikira kuti andimenye. Ndinkafuna kuti andimenye. Iwo anangokhala pansi pa mzere, phesi lili m'manja.

"Ukananena, ndikanakuuza kuti ukhale chete," anatero pomaliza. "Pita ukatenge beseni."

Febuluwale

Mwezi wonse tinatuta dothi. Ambuya ankakumba m'mbali mwa mulu, mosamala kuti asadule maungu, n'kudzaza beseni, kusenza, kukathira patsinde pa chimanga. Ine ndinkatuta ndi chidebe ndisanapite kusukulu ndi pobwera. Dothi limenelo linali lofewa, lozizira, lodzaza timizu ndi nyongolotsi, ndipo ukalifinya m'manja linkagwirana kenako n'kumasuka lokha. Tinali kubweza ndi mitu yathu chimene katapila anachichotsa m'mawa umodzi. Pofika kumapeto kwa mwezi tinali titathira mizere isanu ndi umodzi. Mvula ikagwa yamphamvu, theka la dothilo linkapita ndi madzi.

Ufa unatha pa sabata yoyamba. Tinkadya chibwabwa, masamba a maungu aja, chophika ndi mchere wokha, ndi phala la gaga likapezeka. Timaungu tinkatidya tisanakule. Miyendo ya Ambuya inayamba kutupa, moti ukadina chala pa mwendo dzenje linkatsala. Kawiri anagwa ndi beseni. Kachiwiriko anandituma kunyumba kukatenga madzi, koma nditacheuka ndinawaona akukwawa, akuwola dothi lotayikalo ndi manja kulibwezera m'beseni.

Kunamveka kuti aboma abwera kudzathamangitsa onse olima m'malo odulidwa kuti abzalemo mitengo ya paini. Ena anasiya kupalira. Kunamvekanso kuti ku ofesi ina m'tauni akugawa feteleza kwaulere. Ambuya anayenda wapansi kupita kumeneko, n'kubwera madzulo opanda kanthu. Anawauza kuti ndi wa alimi olembetsa. Aboma a paini aja sanabwere n'komwe.

Chimanga chinamasula ngayaye chili m'chiuno mwanga. Mapesi ambiri sanabereke.

Bana Mwape anayamba kusiya zinthu pakhomo pathu osagogoda: chinangwa, mbatata ya kandolo, tsiku lina zimanga zinayi zachiwisi. Ambuya ankazilandira, n'kumakawapalirira munda wawo mmawa mwake, pakati pa zitsa zomwe ankazinyoza zija.

Malichi

Amalume anatumiza mawu kuti abwera Loweruka kudzadya chimanga chimene analonjezedwa. Lachisanu Bana Mwape anabwera n'kukhala pa mwala wa pakhomo.

"Ba mbuya, mwana wanu sadziwa munda wanu. Mawa ine ndipita ku maliro ku Ndola. Munda wanga ulibe dzina. Mumuonetse umenewo."

"Ndinamize mwana wanga? Ine wa chigwirizano?"

"Simunena kanthu, mayo. Mungoima pamenepo. Akafunsa, muziyang'ana kumwamba."

"Nanga pokolola?"

"Pokolola ndi pokolola. Tidzaona. Mwaiche uyu, Esnati, akapita ku Wusakile, adzakhala wochapa matewera mpaka adzakwatiwe."

Ambuya sanavomere, sanakanenso.

Amalume anafika cha m'ma teni koloko pa njinga yatsopano yakuda, belu lake likuwala. Ambuya anavala nsalu yaitali yobisa miyendo, ine anandidzoza mafuta otsala. Tinatsogola, amalume akukankha njinga pambuyo. Njira yopita ku bwalo inkadutsa m'mphepete mwa munda wa Bana Mwape, ndipo titafika pamenepo Ambuya anaima. Sananene kanthu. Chimanga chinali chotalika kuposa amalume, china chobereka ziwiriziwiri, nyemba zikukwera m'mapesi.

Amalume anaimika njinga n'kulowa m'mundamo. Anagwira chimanga chimodzi, kuchisenda pang'ono, kudina njere ndi chikhadabo. Anayenda pang'ono, n'kupunthwa pa chitsa. Anayang'ana chitsacho, n'kuyang'ana china, ndi china, ndi milu ya phulusa, ndi mapesi omera paliponse popanda mzere. Anatuluka akupukuta manja pa buluku.

"Munda wabwino," anatero. "Mwini wake ndani?"

Ambuya anayang'ana kumbali.

"Amayi, ine munandimenya ndi mpini ndili ndi zaka teni chifukwa ndinasiya chitsa chimodzi m'munda wa kudambo. Chimodzi. Inu simungagone tulo ndi munda wotere. Tiyeni mundionetse wanu."

Anatenga njinga n'kutsogola okha. Sanafunse njira. Atatulukira pa bwalo n'kuona mizere yowongoka ija, anaima.

"Uwu ndiye wanu," anatero motsitsa.

Anayenda mzere umodzi mpaka kumapeto n'kubwerera ndi wina. Anaona beseni, anaona dzenje limene tinakumba m'mulu. Kenako anabwera kwa ine, anapaka chala pa tsaya langa, n'kuchinunkhiza. Anagwada n'kukweza pang'ono nsalu ya Ambuya, n'kuona miyendo.

"Chiyambire liti?"

"Tikudya," anatero Ambuya.

"Esnati, ufa unatha liti?"

Ndinayang'ana Ambuya. Iwo ankayang'ana chimanga chawo.

"Febuluwale atangoyamba," ndinatero.

Amalume anavula chipewa n'kuphimba nacho nkhope. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, chifukwa Ambuya ankadziwa kuyankha munthu wokalipa. Madzulo omwewo anabweranso ndi thumba la ufa pa njinga, ndi kapenta, ndi shuga. Tinadya mpaka kukhuta, ndipo sindikumbukira chakudya china chimene chinandiwawa kumeza ngati chimenecho.

Meyi

Ambuya anapempha chinthu chimodzi, kuti asachoke asanakolole. Tinakolola m'mawa umodzi. Mizere makumi anayi inatipatsa dengu limodzi losadzaza, zitsononkho zazifupi ngati chala chachikulu, njere zake zotalikirana ngati mano a nkhalamba. Zabwinoko zonse zinachokera m'mizere isanu ndi umodzi ija tinathira dothi lakuda. Ambuya anasankha zisanu, anazitonola, anasakaniza ndi phulusa n'kuthira m'chitini chija. Njerezo sizinaphimbe ngakhale pansi pa chitini.

Khasu anapatsa Bana Mwape. Kanyumba kathu analowamo anthu ena sabata yomweyo.

Pa siteshoni ya basi amalume anakweza katundu pamwamba n'kupita kukagula mabanzi a pa ulendo. Ambuya anandikonza kolala ya diresi, ngakhale inali bwinobwino.

"Kumeneko uzikalankhula," anatero. "Ukakhala chete adzakuiwala pogawa chakudya."

"Ndidzabwera pa holide, Ambuya."

"Udzabwere."

Sindinapite. Ku Wusakile holide inali nthawi imene ntchito inkachuluka, ndipo ku Katete kunali kutali, masiku awiri pa basi. Sukulu ndinalekezera Giredi sikisi, mwana wachisanu ndi chiwiri atabadwa. Amalume sanandizunze, ndipo sindinagonenso ndi njala. Ambuya anamwalira mvula yachiwiri chichokereni. Kalata inatipeza ataikidwa kale.

Disembala wina

Ndinabwererako patapita zaka pafupifupi makumi awiri, ndili mayi wa ana atatu, nditapita ku Luangwa kukaona wodwala. Nyumba zinali zitachuluka, koma kumtunda kuja zinali zisanafike. Ndinapeza chulu changa chija n'kuyambira pamenepo.

Minda ya zitsa anthu anailima zaka zitatu kapena zinayi, phulusa litatha mphamvu n'kuisiya. Zitsa zija, zimene mizu yake sinafe, zinaphuka. Pamene panali munda wa Bana Mwape panali nkhalango yotalika kuposa nyumba, mitondo ndi miombo yotuluka iwiri kapena itatu pa tsinde limodzi. Pansi panali masamba ofota, chiswe chikuwadya, ndipo phazi linkalowa. Ngalande za thirakitala zinali zikadalipo, zakuya kuposa kale, koma m'mbali mwake munali udzu.

Bwalo ndinalizindikira msanga. Theka limene sitinalime linali likadali dazi, lofiira, ndi timaudzu tapatalipatali, madzi a mvula ya dzulo lake ataima pomwepo. Koma theka limene Ambuya anaswa ndi piki linali ndi mitengo. Inali yaing'ono kuposa ya kwa Bana Mwape, yoonda, yomera kuchokera ku njere. Madzi ndi mphepo zinkabweretsa njere ndi masamba n'kuzisiya pakati pa mizere, pamene dothi linali losweka, ndipo mitengoyo inamera motsata mizereyo, yowongoka ngati yoyezedwa ndi chingwe. Yaitali kwambiri inali m'mizere isanu ndi umodzi ya kumbali kwa mulu. Ndinagwada n'kukumba ndi dzanja. Dothi lakuda linalipo, lochindikala ngati zala ziwiri, pansi pake pofiira. Zala ziwiri pa zaka makumi awiri. Ife tinkalifuna pa miyezi isanu.

Panali kamtsikana kena kakuzula bowa m'mizeremo, dengu lake litatsala pang'ono kudzaza. Kanandipatsa moni m'Chibemba, ndipo ndinakafunsa ngati kakudziwa amene anabzala mitengo imeneyi.

"Ndi aboma," kanatero. "Ndi okhawo amabzala mitengo pa mzere."

Ndikanatha kugwedeza mutu n'kupita, monga ndachitira moyo wanga wonse.

"Si aboma," ndinatero. "Ndi ambuya anga, a Naphiri a ku Katete. Anaswa pano ndi piki. Ankalima chimanga."

Kamtsikanako kanayang'ana mitengo, kanayang'ana ine.

"Nanga chinabereka?"

"Ayi," ndinatero. "Sichinabereke."